Buledi wa m'mimba mwa nkhukundembo

M'makhitchini ambiri a ku America, kukatsala masiku awiri kapena atatu kuti chikondwerero cha Thanksgiving chifike, mumapeza buledi woduladula atamwazidwa pa mathireyi, osavundikira n'komwe. Mlendo angadandaule kuti chakudya chikuwonongeka, pamene eni nyumba akumuumitsa dala. Buledi woumayo adzamusakaniza ndi batala, anyezi, masamba onunkhira ndi msuzi, kenako adzamulonga m'mimba mwa nkhukundembo isanalowe mu uvuni. Chakudya chimenechi amachitcha stuffing, ndipo m'mabanja ena ndicho chimayamba kutha patebulo, nyama ya nkhukundemboyo idakali yambiri m'mbale.

Thanksgiving imachitika Lachinayi la nambala 4 m'mwezi wa Novembala. Pulezidenti Abraham Lincoln ndiye analengeza tsikuli kuti likhale la dziko lonse mu 1863, nkhondo yapachiweniweni ili mkati. Mayi wina mkonzi wa magazini, Sarah Josepha Hale, anali atakhala zaka zambiri akulembera makalata akuluakulu a boma kupempha zimenezi. Nyumba ya malamulo inadzakhazikitsa tsikuli m'lamulo mu 1941. Ku Canada ali ndi chikondwerero chawo mu Okutobala, pomwe ku Britain nkhukundembo ndi ya pa Khirisimasi. Ana asukulu ku America amaphunzitsidwa kuti zonse zinayambira ku Plymouth mu 1621, pamene Angelezi ofika kumene anadyera limodzi ndi anthu a mtundu wa Wampanoag kwa masiku atatu. Zolembedwa za nthawiyo zimatchula mbalame zam'tchire ndi agwape asanu amene a Wampanoag anabweretsa. Za buledi watirigu m'mimba mwa mbalame akatswiri a mbiri yakale sazikhulupirira, chifukwa ufa watirigu unali wosowa ndipo chimene chinapulumutsa Angeleziwo ku njala chinali chimanga cha eni dziko.

Nzeru yolonga zinthu m'mimba mwa nyama ndi yakale kwambiri kuposa zonsezi. Buku la kaphikidwe la Aroma, lodziwika ndi dzina la Apicius, limene linasonkhanitsidwa zaka zoposa 1,500 zapitazo, limafotokoza za nkhuku, akalulu, tiana ta nkhumba, ngakhalenso tinyama tofanana ndi mbewa, zonse zolongedwa nyama yosinja, mtedza, tsabola ndi zitsamba. Nkhukundembo yokha ndi imene Aroma sanaidziwe. Mbalameyi kwawo ndi ku America. Anthu a ku Mexico anali ataiweta kwa zaka mazanamazana anthu a ku Spain asanaitengere ku Ulaya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, ndipo inaswana msanga m'makola a ku England, moti Angelezi osamukira ku America ankainyamula m'zombo kubwerera nayo kwa makolo ake. Pofika mu 1796, pamene Amelia Simmons anatulutsa American Cookery, buku loyamba la kaphikidwe lolembedwa ndi munthu wa ku America, njira yake inali itakhazikika kale: buledi watirigu wopala, batala, nyama yankhumba yothira mchere, mazira ndi masamba onunkhira. Wophika wa lero atatsegula bukulo sangasochere.

Chinabala chakudyachi ndi kusamala. M'nyumba zimene buledi ankaphikidwa pakhomo, wotsala ankalimba msanga, ndipo panalibe mayi amene akanalola kutaya tirigu amene anthu anamukhetsera thukuta kumunda. Uku buledi wolimba ali m'dengu, uku mbalame yotumbula ili ndi dzenje lalikulu m'mimba, mmene mafuta ndi madzi a nyama amadonthera ikamapsa. Kulowetsa buledi m'dzenjemo kunathetsa mavuto awiri nthawi imodzi: buledi wotsala anadyedwa, ndipo mbalame imodzi inakwanira pakamwa pambiri, chifukwa amene nyama sinam'kwane ankakhuta buledi wokoma ngati nyama. Ndimachilemekeza chakudyachi chifukwa cha chiyambi chakecho. Chimakhala patebulo la phwando lalikulu pachaka, koma palibe chodula chimene chimalowamo. Chimene chimafunika ndi kudziwa kuti buledi wouma amamwa chilichonse chimene wapatsidwa. Akamwa zabwino, pa mlingo woyenera, chakudya chimakoma. Akamwa zochuluka kapena zosapsa, ntchito yonse yapita pachabe.

Tiyambe ndi buledi amene. Alipo amene amakhulupirira kuti bola buledi agone masiku basi, koma kugona ndi kuuma ndi zinthu ziwiri. Buledi akagona amalimba chifukwa sitachi ya mu ufa, imene inafewa pophika, imayambanso kugwirana, madzi ambiri adakali momwemo. Ndiye chifukwa chake buledi wadzana mukamutenthetsa amafewanso kwa kanthawi. Buledi wotere sachedwa kukhuta msuzi. Woumitsa mu uvuni amakhala atatayadi madzi ake, timabowo take tonse tili pululu, ndipo amamwa msuzi wambiri osasungunuka. Ophika ambiri amamuika pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 120 mpaka 135 kwa mphindi 45 kapena ola, akumutembenuza, mpaka kabenthu kakamafinyidwa kazimveka kuti tswa, koma kasanade. Amene ali m'dziko la dzuwa louma angathe kumuyanika pa lichero masiku awiri, atamuphimba ndi kansalu kopyapyala poopa ntchentche ndi nyerere.

Kukula kwa timabenthu kuli ndi ntchito yake. Masentimita awiri mbali zonse ndi mlingo wabwino. Ena amadula ndi mpeni, ena amanyema ndi manja, ndipo ine ndili mbali ya onyemawo, chifukwa m'mbali mwa kabenthu konyema mumakhala mwamanyanyamanyanya, ndipo timanyanya timeneto ndi timene timakhirima mu uvuni. Buledi wake akhale woyera, wa mnofu wogwirana, wopanda shuga wambiri. Buledi wofewa kwambiri, uja mukamufinya m'manja amangotsala kambulu, akakumana ndi msuzi amasanduka phala. Chikhungwa chake musachotse. Chimapatsa mano pogwira.

Kuti kukula kwa nyenyeswa si nkhani yaing'ono, umboni wake uli m'mbiri ya malonda. Mu 1972 kampani ya General Foods inatulutsa stuffing ya m'bokosi yotchedwa Stove Top, imene munthu amangothira m'madzi owira ndi batala, n'kuvundikira mphindi zochepa basi. Mayi amene anatsogolera ntchitoyi, Ruth Siems, anapeza kuti chinsinsi chagona pa kukula kwa nyenyeswa za buledi: zikachepa zimamata, zikakula zimatsala zouma pakati. Boma linapereka chiphaso choteteza luso limeneli mu 1975. Ku Britain kunali kale Paxo, imene John Crampton, wogulitsa nyama wa ku Eccles pafupi ndi Manchester, anayambitsa mu 1901. Mabokosi amenewa athandiza anthu ambiri otanganidwa, ndipo alipo akuluakulu amene anakula akudya zimenezi moti kwa iwo kukoma kwa phwando ndi komweko. Sindingawanyoze. Koma m'bokosi mulibe anyezi amene wafewera mu batala, mulibenso msuzi wa khosi la mbalame imene ili mu uvuni tsiku limenelo. M'malo mwake muli mchere wambiri ndi zokometsera za ufa, ndipo lilime limazindikira.

Sikuti America yense amagwiritsa ntchito buledi watirigu. Kum'mwera kwa dzikolo, m'zigawo monga Georgia, Alabama ndi Mississippi, maziko ake ndi buledi wa chimanga, wophikidwa ndi ufa wa chimanga wosapuntha kwambiri, mkaka wowawasa, soda ndi mazira, m'chiwaya chachitsulo chimene chatenthedwa kale ndi mafuta. Mmalawi atamuona sangafunse kawiri: ndi m'bale wake wa chikondamoyo, kungoti kumeneko ambiri sathiramo shuga, nthochinso salowetsamo. Buledi ameneyu amamuphika dzulo lake, n'kumufumbutula m'beseni, ndipo nthawi zambiri samulonga m'mimba mwa mbalame, amamuphikira m'chiwaya chakechake. Olemba mbiri ya zakudya, monga Michael Twitty, amalumikiza chakudyachi ndi china chotchedwa kush, chimene akapolo ochokera kumadzulo kwa Africa ndi ana awo ankaphika ndi zotsala za buledi wa chimanga, anyezi ndi mafuta a nyama. Manja amene ankaphika m'makhitchini a eni minda ikuluikulu ya thonje ndi fodya anali manja a anthu amenewa, ndipo zimene ankadziwa zinakwera nawo patebulo la mabwana awo, mayina awo n'kutsala kunja. M'poyenera kuwakumbukira. Amene angafune kuyesa kaphikidwe aka kuno kwathu sakusowa chilichonse: mgaiwa ulipo, chambiko chilipo. Angophika chikondamoyo chopanda shuga, n'kuchisiya chigone.

Madera ena ali ndi zawo. M'mphepete mwa nyanja yamchere, ku New England ndi ku Louisiana, amathiramo nkhono zam'nyanja zotchedwa oyster, zimene m'zaka za m'ma 1800 zinali zotchipa moti amphawi ankazidya. Ku Pennsylvania, mbadwa za anthu ochokera ku Germany zimasakaniza buledi ndi mbatatesi yokanya. Ku Minnesota amathiramo mpunga wakuthengo, wakuda ndi wautali, umene anthu a mtundu wa Ojibwe amakolola m'nyanja zing'onozing'ono ali m'bwato, akuweramitsa ngala n'kumazigogoda ndi timitengo. Mtedza wa mtengo wa chestnut unali wofala kwambiri m'maphikidwe akale, mpaka matenda a mitengo amene anapezeka ku New York mu 1904 anapululutsa mitengo mabiliyoni m'zaka makumi ochepa. Ku Britain, kumene chakudyachi chimadyedwa pa Khirisimasi, anthu amakonda anyezi ndi masamba onunkhira otchedwa sage, nthawi zambiri pamodzi ndi nyama ya soseji, ndipo ena amachiumba timipira. M'buku la Charles Dickens la mu 1843, A Christmas Carol, banja losauka la Cratchit limadya tsekwe wokhala ndi anyezi ndi sage, ndipo nkhukundembo yaikulu ndi mphatso imene bwana wawo woumira, Scrooge, amawagulira atasintha mtima.

Tsopano msuzi, umene ambiri amaupeputsa. Nkhukundembo ya m'sitolo imabwera ndi khosi lake m'mimba, ndiponso kathumba kokhala ndi mtima, chiwindi ndi nthutumba. Kathumbaka kayenera kufunidwa mbali zonse ziwiri, kumimba ndi kukhosi, chifukwa nthawi zina kamabisala pansi pa khungu la pakhosi n'kupsera momwemo. M'makomo ambiri kuno kwathu nthutumba ya nkhuku ili ndi mwini wake, bambo kapena mlendo wolemekezeka, ndipo ikasowa m'mbale pamakhala mafunso. Ku America alipo ambiri amene amaitaya osaiyang'ana n'komwe. Ophika odziwa amatenga khosi, mtima ndi nthutumba, nthawi zina ndi nsonga za mapiko, n'kuyamba azikazinga mpaka zifiire, kenako n'kuthira madzi pafupifupi malita awiri, anyezi, karoti ndi mapesi a ndiwo zamasamba zotchedwa celery, n'kuzisiya zizibwata pamoto wochepa kwa maola awiri. Chiwindi sachiika mmenemo, chifukwa chikabwata nthawi yaitali chimawawitsa msuzi. Amachikazinga pachokha, n'kuchiduladula tating'onoting'ono, n'kudzachithira mu buledi pamodzi ndi nyama yoyoyola pakhosi paja. Msuziwu uphikidwe dzulo lake, mchere wake ukhale wochepa, chifukwa buledi ali nawo kale wake, batala chimodzimodzi.

Pa buledi wouma wochokera mu lofu imodzi yaikulu, ya magalamu 600 kapena 700, pamafunika batala wokwana magalamu 115, anyezi awiri akuluakulu, mapesi atatu kapena anayi a celery, mazira awiri, ndi msuzi wa pakati pa theka la lita ndi mamililita 750. Izi zimakwanira anthu asanu ndi atatu kapena khumi. Batala ameneyu amaoneka wambiri, ndipo mtima umafuna kuchepetsa. Musachepetse. Nyama ya nkhukundembo ilibe mafuta ambiri, ndipo batala ndiye amanyamula fungo la anyezi ndi masamba kulifikitsa m'kabenthu kalikonse.

Batala asungunuke pamoto wapakati, anyezi ndi celery zilowe, kamchere pang'ono pamwamba. Apa sitikukazinga anyezi monga tichitira pokonza ndiwo, kuti afiire msanga tomato alowe. Tikufuna afewe pang'onopang'ono kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, mpaka ayambe kuonekera ngati galasi, phokoso la m'poto litsike, fungo lobaya m'maso lija lisanduke lotsekemera. Celery ndiye amapereka fungo limene munthu wa ku America akalimva amadziwa kuti tsiku lafika, ndipo amasiya kukhirima pang'ono pakati pa zofewa. Kumene celery sapezeka, ena amawonjezera anyezi wamasamba ndi tsabola wobiriwira wosawawa. Ngati mukuthiramo soseji, iyambe ndiyo kulowa m'poto, ipse ndithu, ndipo mafuta ake alowe m'malo mwa gawo la batala. Nyama iliyonse yolowa mu stuffing iyenera kupsa kaye payokha.

Mwa masamba onunkhira, mfumu yake ndi sage, kachitsamba ka masamba otuwa, aubweya, kochokera m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Fungo lake ndi lamphamvu, ndipo limagwirizana ndi nyama ya mafuta. Vuto lake n'lakuti akachuluka amawawa, chakudya chonse n'kumamveka ngati mankhwala. Masupuni aakulu awiri a sage wamuwisi woduladula ndi okwanira pa mlingo tatchulawu, ndipo wouma amafunika gawo limodzi chabe mwa magawo atatu a mlingowo, popeza mphamvu yake ndi yaikulu. Pambali pake pamabwera thyme, parsley ndi tsabola wakuda. Sage ndi thyme zithiridwe m'poto anyezi atatsala pang'ono kupsa, kuti fungo lituluke mu batala wotentha. Parsley alowe pomaliza penipeni. Maapozi, mphesa zouma kapena mtedza wokazinga ndi zokonda mwini, koma munthu asankhe chimodzi kapena ziwiri. Zikachuluka, buledi amasowa pogwirana ndipo palibe chimene chimamveka.

Pothira msuzi ndi pamene pamaoneka wophika. Buledi ali m'beseni lalikulu, anyezi ndi batala wake wathiridwa pamwamba, zonse zasakanizidwa. Msuzi wofunda umalowa chikho chimodzi, n'kutembenuza mofatsa kuchokera pansi, n'kudikira mphindi ziwiri kapena zitatu kuti buledi amwe, kenako chikho china. Kudikirako n'kofunika, chifukwa buledi wouma amachedwa kumwa, ndipo wothamanga amaona ngati msuzi wachepa n'kukhuthula wonse. Palibe buku limene lingatchule mlingo weniweni, popeza buledi amasiyana ludzu. Dzanja ndilo limaweruza. Tengani kabenthu kamodzi, mukafinye pakati pa zala: kafewe mpaka pakati, kanyowetse zala, koma kasadonthe, ndipo mukakasiya kayese kubwerera m'malo mwake. Pansi pa beseni pasakhale chithaphwi. Apa ndi pamene muyenera kulawa mchere, mazira asanalowe. Mazirawo amenyedwe ndi msuzi pang'ono wozizira, athiridwe pomaliza. Ntchito yawo ndi kugwirizanitsa timabenthu kuti podula tizituluka pamodzi. Amene amakonda stuffing yomwazika angathe kuwasiya.

Tafika pa nkhani imene imagawa mabanja: kodi zonsezi zilowe m'mimba mwa mbalame, kapena ziphikidwe m'chiwaya pambali? Okonda m'mimba ali ndi mfundo yomveka. Buledi amene wapsera m'menemo amamwa madzi ndi mafuta a mbalame kwa maola atatu kapena anayi, ndipo amatuluka wofewa, wonunkhira nyama mpaka pakati. Agogo awo ankaphika choncho. Koma madzi omwewo ndi amene amabweretsa ngozi. Nkhuku ndi nkhukundembo zaziwisi nthawi zambiri zimakhala ndi mabakiteriya monga Salmonella ndi Campylobacter, ndipo madzi oyamba kudonthera mu buledi amakhala osapsa. Kutentha kwa uvuni kumalowa kuchokera kunja, kudutsa khungu, mnofu ndi mafupa, ndipo pakati penipeni pa buledi ndi pamene pamatentha pomaliza. Unduna wa zaulimi wa ku United States, USDA, umanena kuti pakati pamenepo pafike madigiri 74, mofanana ndi nyama imene. Mbalame imatha kuoneka yofiirira bwino kunja, ntchafu zake zitapsa, koma pakati pa buledi pasanafike pamenepo.

Apa ndi pamene wophika amapanikizika. Nyama ya panganga ilibe mafuta, ndipo ikapitirira madigiri 74 imayamba kutaya madzi msanga n'kuuma. Kuti pakati pa buledi pafike pa 74, nganga imakhala itapitirira kale. Ndiye munthu amasankha pakati pa nyama youma ndi buledi wokayikitsa, ndipo patebulo pamene pali ana aang'ono, okalamba, amayi oyembekezera kapena odwala, kusankhako si kwa masewera. Amene atsimikiza kulonga m'mimba ali ndi malamulo oti asawaphonye. Zouma ndi zamadzi zisakanizidwe nthawi yomweyo mbalame ikulowa mu uvuni, osati kulongeratu usiku n'kugoneka m'firiji. Buledi alowe akadali wofunda, kuti ulendo wake wofika pa 74 ufupike. Alongedwe mosapanikiza, pafupifupi kapu imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse ya mbalame, chifukwa akamamwa amafufuma, ndipo wotsendereza salola kutentha kudutsa. Uvuni usatsike pansi pa madigiri 163. Ndipo pakhale kachipangizo koyezera kutentha kwa nyama, kobaya mpaka pakati pa buledi, chifukwa maso sangaone m'menemo. Mbalame ikatuluka ipume mphindi 20 buledi asanachotsedwe.

Ine ndimaona kuti chiwaya chimapambana, ndipo si chifukwa cha mantha okha. M'mimba mwa nkhukundembo ya makilogalamu 6 simulowa buledi wokwanira anthu onse amene mbalameyo ingadyetse, choncho chiwaya chimafunikabe. Kukoma kwa nyama kumene anthu amakufuna m'mimba kuli kale mu msuzi wa khosi ndi nthutumba uja, ndipo wophika angathe kutunga masupuni angapo a mafuta amene adonthera pansi pa mbalame n'kuwazira pamwamba pa buledi asanalowe mu uvuni. Koposa zonse, chiwaya chimapereka chinthu chimene m'mimba simungatuluke: pamwamba pofiirira, pokhirima. Kufiirako kumabwera pamene shuga ndi mapuloteni a m'chakudya akumana pa kutentha kwakukulu pamalo ouma, zimene katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, anazifotokoza mu 1912. M'mimba mwa mbalame ndi monyowa nthawi zonse, kutentha kwake sikungapitirire kwa madzi owira, choncho kufiira kumeneko sikuchitika. M'mimbamo mungangoikamo anyezi wodula pakati, ndimu ndi timitengo ta thyme, mbalame ipse msanga ndiponso mofanana.

Chiwaya chake chikhale chotakasuka, chosazama, chopakidwa batala, kuti pamwamba pokhirima pachuluke. Buledi athiridwe osatsendereza, timapiri ndi tizigwa tisiyidwe mmene tilili. Popeza kuno sikudzadonthera madzi a mbalame, msuzi uwonjezedweko pang'ono. Chivundikiridwe ndi pepala la foil, chilowe mu uvuni wa madigiri 180 kwa theka la ola, kenako chivundukulidwe, chipse mphindi zina 20 kapena kuposerapo, mpaka nsonga zifiire, m'mbali muyambe kuchita thovu la batala. M'nyumba za uvuni umodzi nthawi yake imapezeka yokha: mbalame ikatuluka kuti ipume, chiwaya chimalowa, ndipo pamene nyama ikudulidwa, msuzi wothira pamwamba ukukonzedwa, buledi amakhala akupsa. Amene alibe uvuni angachite monga amachitira amayi ophika chikondamoyo pa mbaula, makala pansi ochepa, ambiri pa chivundikiro, kungoti m'pofunika kuzungulitsa poto pafupipafupi kuti pansi pasapserere.

Tsiku la phwando limayenda bwino ngati ntchito inayamba kale. Nkhukundembo youma ndi chisanu imafuna tsiku lathunthu m'firiji pa makilogalamu awiri alionse, kutanthauza kuti ya makilogalamu 6 iyenera kutsika mufiriza Lolemba ngati idyedwe Lachinayi. Yosasungunuka bwino imakhala ndi madzi oundana m'mimba, ndipo kulongamo buledi n'kudziputira matenda. Pali chizolowezi china chimene ambiri tinakula nacho, chotsuka mbalame yaiwisi pampopi. Pa mbalame ya m'sitolo, yososola ndi kutumbula kale, akatswiri a zaumoyo ku America ndi ku Britain amaletsa zimenezi, chifukwa madzi othovokawo amamwaza mabakiteriya pa sinki, pa mbale ndi pa thireyi ya buledi ili pafupi. Moto ndiwo umapha tizilomboto. Chofunika kutsuka ndi sopo ndi manja, mpeni ndi thabwa lodulirapo.

Phwando likatha, anthu amakonda kukhalabe patebulo akucheza, mbale zili pomwepo. Stuffing siyenera kudikira nawo. Ndi chakudya chonyowa, cha mazira ndi msuzi wa nyama, ndipo mabakiteriya ena, monga Clostridium perfringens, amapirira moto n'kuyamba kuswana chakudya chikamazizira pang'onopang'ono. Pasanathe maola awiri chichokere pamoto, chikhale chitalowa m'firiji, ndipo kunja kukatentha kupitirira madigiri 32, monga zimakhalira m'madera ena kuno nthawi ya Khirisimasi, ola limodzi lokha. Wotsala m'mimba mwa mbalame achotsedwe yense, asungidwe payekha m'mbale zosazama kuti azizire msanga. M'firiji amakhala masiku atatu kapena anayi. Mawa lake anthu a ku America amamupana pakati pa buledi wina pamodzi ndi nyama yozizira ndi jamu wowawasa wa zipatso za cranberry. Ena amadula chibenthu chochindikala, popeza akagona amagwirana, n'kuchikazinga mu batala mbali zonse ziwiri mpaka chitenthe pakati ndi kukhirima kunja, n'kuikapo dzira lokazinga pamwamba, kukhala chakudya cham'mawa wa Lachisanu.